Momwe mungasiyanitsire makobili akale ofanana koma osiyana siliva

Mukapeza mashileni awiri m'kachitini ka agogo, onse a nkhope ya mfumu George V ya ku Britain, musafulumire kuganiza kuti mtengo wake ndi umodzi. Maso amanama pa nkhani ya siliva.

Yambani ndi chaka, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Ku Britain, makobili a siliva opangidwa 1920 isanafike ali ndi siliva wokwana 92.5 peresenti. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha siliva anakwera mtengo, ndiye kuyambira 1920 mpaka 1946 anamutsitsa kufika pa 50 peresenti. Kuyambira 1947 mulibemo siliva ndi pang'ono pomwe, ndi kopa wosakaniza ndi nikelo basi. Makobili a Southern Rhodesia, omwe ankayenda kuno nthawi ya Nyasaland, nawonso anasiya siliva mu 1947. A ku South Africa anali ndi 80 peresenti kuyambira 1923 mpaka 1950, kenako 50 peresenti.

Chaka mwachiona, tengani sikelo ya digito yoyeza magalamu. Imathandiza kwambiri pa half dollar (kobili ya theka la dola) ya ku America ya nkhope ya pulezidenti Kennedy: ya 1964 ili ndi 90 peresenti ndipo imalemera magalamu 12.5, ya 1965 mpaka 1970 ili ndi 40 peresenti ndipo ndi magalamu 11.5, pomwe yamasiku onse kuyambira 1971 ndi 11.34. Koma pa shileni ya Britain sikelo sikuthandizani, poti kulemera anakusiya chimodzimodzi, pafupifupi magalamu 5.66, ngakhale chitsulo chinasintha. Ambiri amapusitsika pomwepa.

Kenako suzumirani m'mphepete. Mzere wofiirira wa kopa pa kobili ya ku America ukusonyeza kuti si ya 90 peresenti.

Maginito musaidalire kwambiri. Siliva sakakamira, komanso kopa wosakaniza ndi nikelo sakakamira. Pomwe imagwiradi ntchito ndi pa 10 cents ndi 25 cents za ku Canada za 1968: chaka chimenecho zina zinali za siliva 50 peresenti, zina za nikelo yekhayekha, ndipo za nikelozo zimamata pa maginito.

Chonde, musakweche kobili ndi phulusa kapena mchenga pofuna kuona ngati iwale. Mdima umene uli pamwambapo osonkhanitsa makobili amaukonda, ndipo kobili yokwechedwa amaigula motchipa. Ikakhala ya 1920 yeniyeni, makamaka tiki (ya mapeni atatu) kapena sikisipensi ya Britain, pitani nayo kwa wosula zasiliva akaiyeze, chifukwa chaka chimenecho anapanga mitundu yonse iwiri.