Madzi ayambe kulowa, asidi pambuyo

Aphunzitsi anzanga a chemistry, mukamasungunula sulphuric acid wa ma practical a Fomu 4, yambani kuthira madzi mu beaker. Asidi abwere pambuyo, pang'onopang'ono, akutsetsereka pa kandodo kagalasi uku mukutakasa.

Asidi ameneyu akakumana ndi madzi amatulutsa kutentha koopsa. Madzi ndi opepuka, ndiye mukawathira pamwamba pa asidi amawira nthawi yomweyo n'kukudumphirani kumaso. Koma madzi akakhala ambiri pansi amameza kutenthako. Ine ndimauza ana akhudze beaker m'mbali, amve okha mmene yafundira. Saiwalanso.

Magalasi oteteza maso muvale ndithu. Asidi akadonthera pakhungu, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osapukuta ndi malaya. Ngati mpopi wanu umauma, tungiranitu ndowa yodzadza musanatsegule botolo.