Motoka ikangolira "ta-ta-ta" m'mawa, musathamangire kugula batire

Kuzizira kwa June ndi July kuno ku Chipata kumaulula batire yofooka, koma nthawi zambiri vuto limakhala pa matemino, pomwe mawaya amagwira mitu ya batire. Mukapotokola kiyi n'kumva "ta-ta-ta", magetsi a pa dashibodi n'kuzirala, tsegulani boneti muone ngati pamitu ya batire pali ufa woyera kapena wobiriwira. Ufawo umatsekereza mphamvu yopita ku sitata.

Tengani sipanala ya 10, muyambe kumasula waya wa negetivu. Mukayamba ndi pozitivu, sipanala ikakhudza chitsulo cha motoka pamathetheka moto. Sungunulani supuni imodzi ya soda mu kapu ya madzi ofunda, thirani pamitupo, kwechani ndi burashi ya waya mpaka pawale. Pukutani, mangani pozitivu kenako negetivu molimba, pakani girisi pang'ono. Zokhomeramo msomali kuti temino igwire, zisiyeni, zimawononga mutu wa batire.

Ikayaka, yezani pamitu ya batire ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi. Injini ikulira, payenera kuoneka pakati pa 13.8 ndi 14.4 volts. Zikatsika pansi pa 13, onani lamba wa alternator, chipangizo chotchaja batire, mwina walefuka.