Zoyenera kugwirizana maiko asanaphatikize asilikali awo

Msilikali woyamba asananyamuke, lembani kuti mdani ndi ndani, gululo likagwira ntchito dera liti komanso kwa miyezi ingati. Ngati dziko lomwe mukupitako silinakuitaneni, ndime 53 ya malamulo a United Nations imafuna kuti nthambi yake yoona za chitetezo, Security Council, ivomereze kaye.

Pomwe zokambirana zambiri zimatsamwira ndi pa malire. Zigawenga zikachita chiwembu zimathawira tsidya lina podziwa kuti ozithamangitsa aima. Njira zilipo ziwiri. Gulu la asilikali la G5 Sahel (Mali, Burkina Faso, Niger, Chad ndi Mauritania), lomwe linakhazikitsidwa mu 2017, linalola asilikali kulowa makilomita 50 m'dziko la mnzawo. Indonesia, Malaysia ndi Singapore, atayamba kulondera njira ya panyanja ya Malacca Strait mu 2004, anasankha kuti aliyense azikhala m'madzi ake koma azitsinana khutu boti la achifwamba likawoloka. Yachiwiriyi siivuta kuisainira, kungoti imathandiza pokhapokha mawayilesi akamayankhidwa usana ndi usiku. Lembaninso kuti wogwidwa akazengedwa mlandu m'khoti la dziko liti, apo ayi adzamasulidwa umboni ulipo.

Mkulu wa asilikali akhale mmodzi. Gulu lolimbana ndi zigawenga za Boko Haram ku Lake Chad linaika likulu ku N'Djamena, m'dziko la Chad, n'kugawa deralo zigawo zinayi, chilichonse m'manja mwa dziko lake. Vuto la dongosolo ili n'lakuti woyang'anira chigawo amamvera kwawo kuposa likulu. Choncho m'chigawo chilichonse ikanimo ofesala wochokera kwa oyandikana nawo, wodziwa zilankhulo zonse ziwiri ngati ena amalankhula Chifalansa, ena Chingerezi.

Ndalama musawerengere malipiro okha. Mafuta, chakudya, zipolopolo ndi ndege yonyamula ovulala ndizo zimayamba kusowa. Asilikali a SADC anachoka ku Cabo Delgado, ku Mozambique, mu 2024 nkhondo isanathe, ndipo chifukwa chachikulu chinali ndalama. Mu 2016 ku Kigali, African Union inagwirizana za msonkho wa 0.2 peresenti pa katundu wolowa m'maiko woti uzilipirira ntchito zake, koma si onse amautolera. Chigamulo 2719 cha Security Council cha mu 2023 chimalola United Nations kulipira mpaka 75 peresenti ya ntchito zotsogozedwa ndi African Union, iliyonse ikavomerezedwa payokha. Yotsalayo dziwiranitu kochokera.

Pomaliza, pangano linene za wofuna kutuluka: adziwitse anzake kudakali miyezi ingati, ndipo dera lake alitenga ndani. Mali inatuluka mu G5 Sahel mu 2022, Burkina Faso ndi Niger mu 2023, moti Chad ndi Mauritania zinalibenso gulu loti n'kuliyendetsa.