Momwe mungayezere mphamvu ya pulopela pa ndege yaing'ono

Injini imodzi yomweyo imakoka ndege mosiyana mukaisinthira pulopela. Musanagamule kuti yabwino ndi iti, yesani zonse ndege ili pansi.

Pezani malo athyathyathya ndipo musesepo bwino, chifukwa pulopela imayamwa timiyala n'kubenthuka m'mphepete. Mangani chingwe cholimba pa chimango cha ndege chakumbuyo, mbali inayo pa tsinde la mtengo, ndipo pakati lumikizanipo sikelo yopachika yofika makilogalamu 300. Chingwecho chisayandikire pulopela. Woyendetsa akhale pampando, mabuleki atamasula, ndipo pasapezeke munthu woima m'mbali mwa pulopela. Apa musanyengerere aliyense, ngakhale wongofuna kujambula.

Injini ikatentha, ipatseni moto mpaka pamapeto kwa masekondi ochepa. Lembani zinthu ziwiri: makilogalamu a pa sikelo ndi rpm (maulendo amene injini ikuzungulira pa mphindi imodzi). Bwerezani katatu, kenako sinthani pulopela yokha. Mafuta akhale omwewo, m'mawa womwewo, kopanda mphepo.

Ambiri amangokondwera ndi sikelo n'kuiwala rpm, pomwe nkhani yagona pamenepo. Mwachitsanzo, injini ya Rotax 912 UL, ya mphamvu ya mahatchi 80, siyenera kupitirira 5,800 rpm, ndipo pamenepo imaloledwa mphindi 5 zokha. Ikafika kale pafupi ndi 5,800 ndege itamangidwa, m'mwamba ipitirira malire, chifukwa ndege ikathamanga pulopela imapepukidwa. Zikatero wonjezerani kupendekera kwa mapiko a pulopelayo pang'ono, onse mofanana, muyesenso. Kupendekeraku kuli ngati magiya a njinga: kochepa kumanyamuka msanga ndi kukwera bwino, kochuluka kumathamanga paulendo koma kumalemetsa injini ponyamuka.

Musadabwe manambala anu akachepera a m'buku la opanga. Iwo amawerengera mpweya wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo injini yopanda turbo (chipangizo chopopera mpweya wochuluka mu injini) imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse okwera. Ku Lilongwe, komwe kuli pamwamba kuposa mamita 1,000, mwataya kale pafupifupi 10 peresenti, ndipo kutentha kwa mu Okutobala kumachotsanso ina.

Sikelo imangokuuzani za ponyamuka, choncho pulopela yopambana pansi ikhoza kugonja m'mwamba. Ulukani ndi iliyonse, katundu wake yemweyo, muwerenge masekondi okwerera mamita 300, kenako mulembe liwiro la ndege pa rpm imodzi yomweyo.