Mmene mungayezere ngati zimene mwalemba zikumveka

Aliyense amene amalembera anthu a ku Angónia, Tsangano kapena Macanga ku Mozambique, kaya ndi uthenga wa katemera kapena malangizo othira feteleza ku mbatata ya kachewere, ayenera kuyeza kaye zimene walembazo asanazisindikize. Zolemba zambiri za Chinyanja kuno zimachokera ku Chipwitikizi, ndipo womasulira akatsata chiganizo ndi chiganizo, amatuluka ndi ziganizo zazitali zimene munthu amafika kumapeto ataiwala poyambira.

Yambani ndi kuwerengera. Tengani mawu 100 pakati pa nkhaniyo, muone kuti muli ziganizo zingati, kenaka mugawe 100 ndi chiwerengero chimenecho. Ngati yankho likupitirira 20, ine ndimati ziganizozo zidulidwe.

Pa intaneti mudzapeza njira yotchuka yoyezera ngati nkhani ndi yosavuta kuwerenga, imene Rudolf Flesch anakonza mu 1948, koma musaidalire pa Chichewa. Njirayi imayambira pa 206.835, n'kuchotsapo chiwerengero cha mawu a pa chiganizo chilichonse chochulukitsa ndi 1.015, kenaka n'kuchotsanso maphatikizo a pa liwu lililonse ochulukitsa ndi 84.6. Anaikonzera Chingerezi, chimene mawu ake ambiri ndi aafupi. Liwu lakuti "sitinawaone" lili ndi maphatikizo 6, komabe mwana wa zaka zinayi amalimva bwinobwino. Ngati mawu anu ali ndi maphatikizo atatu lililonse, zotsatira zimagwera pansi pa ziro, ngati kuti mwalemba zosatheka kuwerenga, pamene mwina mwangolemba kalata yoitanira makolo kumsonkhano.

Muyeso wodalirika ndi wowerenga mwiniwake. Wilson Taylor anafotokoza njira ya mipata mu 1953, ndipo imagwira ntchito m'chilankhulo chilichonse. Siyani chiganizo choyamba chili chathunthu, kenaka fufutani liwu lachisanu lililonse mpaka mipata ikwane 50. Perekani pepalalo kwa anthu amene mukuwalembera enieniwo, osati aphunzitsi anzanu, kuti adzaze mipatayo. Wokhoza mipata 30 kapena kuposerapo angathe kuwerenga nkhaniyo yekha, koma ngati ambiri akulephera kufika pa 20, nkhaniyo yawakulira. Auzeni momveka kuti mukuyesa pepalalo osati iwowo, chifukwa munthu wamkulu akaona ngati ndi mayeso amachita manyazi n'kusiya cholembera.

Pomaliza, pemphani mmodzi awerenge mokweza, inu muli ndi pensulo, ndipo muike chizindikiro paliponse pamene wadodoma kapena wabwerera m'mbuyo. Nthawi zina chomupunthwitsa ndi kalembedwe chabe, pakuti mabuku a sukulu a ku Mozambique amalemba "c" pamene a ku Malawi amalemba "ch", ndipo anthu a kufupi ndi malire a Dedza ambiri anazolowera za ku Malawi. Akamaliza, mtengereni pepalalo, mumufunse zimene wawerengazo, mwachitsanzo kuti: "Kodi bambo, pamenepa akuti muthire feteleza wochuluka bwanji, ndipo liti?" Akayankha molakwa, lembaninso ndime imeneyo ndipo muiyesenso pa munthu wina amene sanaione.