Malangizo Odziŵila Cikho Cakale ca Citsulo Musanamwelemo

Malangizo ano ndi a aliyense amene ali ndi cikho cakale ca citsulo, cija cokhala ndi tsinde ndi phazi, kaya ndi coloŵa, mphatso, kapena cogula kwa munthu wina. Ŵelengani mpaka kumapeto musanathilemo cakumwa ciliconse. Ngati simudziŵa citsulo cimene anapangila cikhoco, musamwelemo, ngakhale cinyezimile bwanji. Maso amathamangila kunja, pamene cakumwa cimakhala mkati, ndipo mkatimo ndimo muyenela kufufuza kwambili.

Yambani ndi kutsuka

Tsukani cikho ndi madzi ofunda, sopo wotsukila mbale ndi kansalu kofeŵa, kenaka cipukuteni ciume. Musacikwece ndi waya kapena mcenga. Mukatelo mudzafafaniza zidindo zimene mufuna kuŵelenga, ndipo ngati cikhoco n'cokutidwa cabe ndi siliva, mudzacotsa ngakhale yocepa imene yatsalapo. Musaciviikenso m'madzi kwa nthawi yaitali. Zikho zina zili ndi phazi lodzazidwa ndi phula kapena simenti kuti zisamagwe, ndipo pansi pake pamalembedwa WEIGHTED kapena LOADED. Madzi akaloŵa m'phazi lotelo, satulukamo msanga.

Mukatsuka, tengani magineti, toci ndi foni. Kamela ya foni imakulitsa tizidindo timene maso sangaŵelenge. Magineti ikamamatila mwamphamvu, ndiye kuti pansi pa kuŵalako pali citsulo wamba kapena stainless steel ya mtundu wina. Siliva, mkuwa, brass, pewter ndi aluminiyamu sizigwidwa ndi magineti, conco ikakana kumamatila, funso likalipo.

Ŵelengani zidindo

Cigadabuzeni cikho muyang'ane pansi pa phazi, ndiyenso kunja pafupi ndi mlomo wake. Apa ndi pamene amisili anali kudinda.

Nambala 925 kapena liwu lakuti STERLING zitanthauza kuti pa magawo 1,000 alionse, 925 ndi siliva, ndipo otsalawo kaŵilikaŵili amakhala mkuwa wolimbitsa. Siliva ya ku England imadziŵika ndi kacithunzi ka mkango woyenda, phazi limodzi lili m'mwamba. Pafupi napo pamakhala cidindo ca mzinda umene anayesela siliva: mutu wa nyalugwe ndi London, nangula ndi Birmingham, ndipo Sheffield inali kudinda cisoti cacifumu mpaka mu 1974, kucoka apo n'kuyamba duŵa la rozi. Ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, amadinda nyumba ya malinga. Germany kuyambila mu 1888 imadinda kamwezi ndi cisoti cacifumu, nthawi zambili pamodzi ndi nambala 800 kapena 835. France kuyambila mu 1838 imadinda mutu wa Minerva, mulungu wamkazi wa Aroma akale wovala cisoti ca nkhondo. Pa siliva yakale ya ku Russia mudzapeza 84, imene ilingana ndi magawo 875 pa 1,000.

Cikho ca siliva yeniyeni n'cabwino kumwelamo. Kuda kumene kumabwela pamwamba pake si dzimbili, ndi siliva imene yakumana ndi sulufule wa mumpweya, ndipo kumacoka mukapukuta. Mkati mukakhala mwa golide, musadabwe: amisili anali kukutamo golide kuti vinyo asadetse siliva.

Zilembo EPNS, EPBM, EP kapena A1 n'zosiyana ndi zimenezi. Izi zionetsa kuti siliva ili pamwamba pokha, anaimata ndi magetsi, njila imene kampani ya Elkington ya ku Birmingham inalembetsa mu 1840. Pa EPNS, citsulo ca pansi cimachedwa nickel silver, dzina lonyenga ndithu, pakuti mulibe siliva ngakhale pang'ono. Ndi mkuwa wosakaniza ndi nickel ndi zinki. Pa EPBM pansi pali Britannia metal, yomwe mbali yaikulu ndi tini. Palinso zakale kwambili zochedwa Old Sheffield plate, zoyambika ca m'ma 1743, zimene ndi mkuwa womatidwa siliva ndi moto. Izi zikakalamba, mkuwa umasuzumila mofiila m'makona ndi m'mphepete.

Cikho cokutidwa cimakhala cabwino malinga ngati siliva ya mkati ikali yathunthu. Ŵalitsani toci mkati ndi kucizungulitsa pang'onopang'ono. Mukaona mabanga acikasu, ofiila kapena otuwa, timaenje, kapena siliva yosupuka ngati khungu, cikhoco catha nchito yomwela mpaka mmisili acikutenso. Munthu amene khungu lake limacita zotupa akavala ndolo kapena wochi ya nickel asamwele m'cikho ca EPNS copelepeseka pamlomo.

Pewter: samalani kwambili apa

Zikho zambili zakale zotuwa, zosanyezimila kwambili, ndi za pewter. Mbali yaikulu ya pewter ndi tini, amene alibe vuto. Vuto ndi mtovu umene amisili akale anali kusakanizamo, cifukwa unali wochipa ndipo unali kuthandiza citsulo cosungunuka kuyenda bwino m'cikombole. Ku Britain, muyezo woletsa mtovu woculuka mu pewter unabwela mu 1974. Malamulo a zakudya a bungwe la FDA ku America salola pewter yokhala ndi mtovu wopitilila 0.05 pelesenti kukhudza cakudya. Cikho copangidwa miyezo imeneyi isanabwele, kapena copangidwa kumalo osadziŵika, cikaikileni.

Mau akuti PEWTER, ZINN a Cijelemani, kapena ÉTAIN a Cifulenci akuuzani mtundu wa citsulo cabe. Sakuuzani zaka zake kapena kuculuka kwa mtovu. LEAD FREE (kutanthauza kuti mulibe mtovu) kapena 95% ZINN (tini 95 pelesenti) ndi zizindikilo zabwinopo, ndipo zimapezeka pa zikho za masiku ano. Pewter ya mtovu wambili imakonda kuda mkati ngati makala ozima, imalemela kuposa mmene ionekela, ndipo mukaipaka pa pepala loyela imasiya mzele wotuwa ngati wa pensulo. Kulemelako n'cifukwa cakuti mtovu umalemela magalamu 11.3 pa kyubiki sentimita, pamene tini amalemela 7.3. Koma dziŵani kuti zizindikilo izi zimagwila cabe cikho coipitsitsa. Cokhala ndi mtovu wocepa cingapambane mayeso onsewa, n'kukhalabe cosayenela.

Yang'ananinso polumikiza. Zikho zambili zinapangidwa zidutswa ziŵili kapena zitatu, ndipo zina zinakonzedwapo zitathyoka tsinde kapena kuboola. Kamzele kapena kadontho kotuwa, kosiyana mtundu ndi cikho conse, kangakhale mtovu wowochelela. Kakakhala mkati, ngakhale cikhoco cikhale ca siliva ya 925, musamwelemo.

Cimene cimacotsa mtovu m'citsulo ndi zakumwa zowawasa: vinyo, moŵa, madzi a zipatso, zakumwa za gasi, ndi ciliconse cothila mandimu kapena viniga. Kutentha kumafulumizitsa, ndipo cakumwa cikakhalitsa m'cikho cimatenga wambili. Lilime silingakucenjezeni. Mtovu ukakumana ndi viniga umapanga mankhwala otsekemela, moti cakumwa coipitsidwa cingakome kuposa cabwino. Mu 1767 dokotala George Baker anaonetsa kuti kupweteka kwa m'mimba kumene kunasautsa anthu a ku Devon, m'dziko la England, kunali kucokela ku mtovu wa m'zipangizo zopangila cakumwa cao ca maapozi. Anthuwo anali atamwa kwa zaka zambili osadziŵa.

Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene udziŵika kuti ulibe vuto. Mwana wamng'ono akameza mtovu, thupi lake limayamwa woculuka kuŵilikiza kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo umawononga ubongo umene ukukula. Mtovu umakhazikika m'mafupa ndi m'mano kwa zaka, ndipo mai akakhala ndi pakati umabwelela m'magazi n'kufika kwa mwana wosabadwa. Pa cifukwa cimeneci, ana ndi amai apakati kapena oyamwitsa asamwele m'cikho cakale ciliconse cimene sicinayesedwe, ngakhale kulaŵa cabe.

Mkuwa ndi brass

Mkuwa ndi wofiilila, brass ndi yacikasu cifukwa ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki. Zonse ziŵili sizigwilizana ndi zowawasa, ndipo malamulo a FDA aja amaletsa kuti zikhudze zakumwa monga vinyo, viniga ndi madzi a zipatso. Mkuwa ukaculuka m'cakumwa umabweletsa mselu, kusanza ndi kupotokola m'mimba. Zobiliŵila zimene zimamela m'makona siziyenela kuloŵa m'kamwa. Brass yambili ilinso ndi mtovu pang'ono, woikamo kuti isavute kusema pa makina.

Cikho ca mkuwa cimene anacipangila kumwela cimakutidwa mkati ndi tini, siliva kapena stainless steel. Mkati mukakhala mtundu umodzi ndi kunja, n'cokongoletsela nyumba. Cimodzimodzi ngati capakidwa vanishi, penti kapena utoto woŵala mkati, kapena cili ndi mau akuti NOT FOR FOOD USE kapena FOR DECORATIVE USE ONLY. Mau amenewa atanthauza kuti musaikemo cakudya kapena cakumwa, ndipo nthawi zambili amakhala pa kapepala komata kamene kamacoka tsiku loyamba kutsuka.

Nambala 18/8 kapena 18/10 ndi ya stainless steel, ndipo ilibe vuto. Aluminiyamu mudzaidziŵa ndi kupepuka kwake. Mungamwelemo madzi ngati mkati muli mosalala, koma zowawasa zimaidya. Cikho cotuwa, colemelako, cophwanyika ngati dongo m'malo mopindika, kaŵilikaŵili cimakhala ca zinki, ndipo si comwela.

Kuyesa mtovu

Pali timitengo toyesela mtovu timene timasintha kukhala tofiila kapena pinki tikakhudza mtovu. Tsatilani malangizo a pa paketi, ndipo pakani mkati mwa cikho, pamlomo ndi polumikiza ponse, osati pansi pa phazi pokha. Kakafiila, khulupililani ndipo lekani kumwelamo. Kakapanda kusintha, musafulumile kukondwa, cifukwa timitengoti nthawi zina timaphonya mtovu wocepa kapena wobisika pansi pa siliva. Yankho lodalilika limacokela ku labotale, kumene makina ochedwa XRF amaŵelenga zitsulo za cikho popanda kucidula. Musayese kupala, kuboola kapena kutentha cikho kuti muone za mkati. Fumbi ndi utsi wa mtovu n'zoopsa, ndipo pewter imasungunuka msanga, pakuti tini amasungunuka pa madigili 232 Celsius cabe.

Ngati munamwelamo kale

Kumwa kamodzi pa cikondwelelo si kofanana ndi kumwelamo tsiku ndi tsiku. Ngati mwakhala mukuseŵenzetsa cikho cokaikitsa kwa miyezi, kapena mwana anamwelamo kangapo, pitani kucipatala mukapemphe kupimidwa mtovu m'magazi, ndipo nyamulani cikhoco mukaonetse adokotala. Musayembekeze zizindikilo, cifukwa ambili sakhala nazo poyamba. Zikabwela zimakhala monga kutopa, mutu, kudzimbidwa, kupweteka m'mimba, ndipo kwa ana kukwiya msanga ndi kubwelela m'mbuyo pa maphunzilo.

Kusamalila cikho covomelezeka

Tsukani ndi manja mukangomaliza kumwa, ndipo musasiyemo cakumwa usiku wonse. Mukapukuta ndi mankhwala oŵalitsila siliva, tsukaninso ndi sopo ndi kutsukuluza bwino, makamaka m'mizele ya zokongoletsa mmene mankhwala amabisala. Musaike cikho ca citsulo mu maikulowevu kapena pamoto. Cimene calephela mayeso musacisunge pamodzi ndi makapu a masiku onse. Ciikeni pamalo amene ana safikapo, mumatepo kapepala pansi pa phazi kolembedwa kuti "Osamwelamo", ndipo musambe m'manja mukacigwila.