Kusankha na kumanga chuck yatsopano pa lathe yaing'ono ya zitsulo

Malangizo aya ni a inu amene muli na lathe yaing'ono kunyumba kapena mu kagalaji, ndipo mufuna kucotsa chuck (cogwilila citsulo cimene musema) yakale na kuikapo ina. Aŵelengeni mukalibe kugula, cifukwa chuck yosagwilizana na spindle ya makina anu (shafti imene imazungulitsa chuck) simungaimange popanda backplate, mbale ya citsulo imene imakhala pakati pa spindle na chuck.

Yambani na kupima. Cotsani chuck yakale, muone mphuno ya spindle. Ma lathe ambili aang'ono ocokela ku China, monga Sieg C2 na C3, ali na flange (mbale ya pa mphuno ya spindle) yokhala na kamphete kotumphuka pakati. Kamphete aka, kamene amisili amakacha register, kamaloŵa m'cibowo ca kumbuyo kwa chuck, ndipo ndiko kamapangitsa chuck kukhala pakati peni-peni. Mabauti nchito yao ni kugwila cabe. Pa chuck ya 80 mm, register imakhala ya 55 mm ndipo mabauti a M6 amakhala pa mzele wozungulila wa 66 mm. Pa chuck ya 100 mm, register ni ya 72 mm, mzele wa mabauti ni 84 mm, ndipo mabauti ni a M8. Pimani na vernier pa makina anu, musadalile dzina la makina cabe, cifukwa ena amabwela kale na flange yaikulu.

Makina akale ali na mphuno ya ma thread. Myford ML7 ili na 1 1/8 inchi, ma thread 12 pa inchi, pamene South Bend ya 9 inchi ili na 1 1/2 inchi, ma thread 8 pa inchi. Pa makina otelo, chuck ikhoza kumasuka yeka ngati mwazungulitsa spindle cobwelela m'mbuyo mwadzidzidzi.

Mtundu wa chuck

Chuck ya ma jaw (mano ogwila citsulo) atatu oyenda pamodzi, imene kaŵili-kaŵili imalembedwa K11, ni yofulumila pa citsulo cozungulila kapena ca makona 6. Koma siigwila pakati ndendende. Ngakhale yatsopano, si cacilendo kuona citsulo cikugwedela na 0.05 mm kapena kupitililako pang'ono. Ya ma jaw anayi oyenda payekha-payekha, K72, imatenga nthawi kuikonza, koma imagwila ca makona anayi na cokhota-khota, ndipo na dial indicator (cipangizo copimila kugwedela) mungafike pafupi na 0.01 mm. Ngati ya ma jaw atatu muli nayo kale ndipo ikali bwino, ndalama yanu ipite pa ya ma jaw anayi.

Musathamangile yaikulu. Chuck ya 100 mm imakwana bwino pa lathe ya 7x12 kapena 7x14 (manambala aya ni muyeso wa makina m'mainchi). Ya 125 mm imalemetsa ma bearing na mota, ndipo ma jaw ake akatuluka kunja akhoza kumenya bedi, citsulo cacitali ca pansi pa lathe. Kumbukilani kuti cibowo ca spindle pa makina aya cimakhala ca 20 mm, conco citsulo cacitali conenepa kuposa apo sicidzapita mkati, olo chuck ikule bwanji.

Kumanga

Zulani pulagi ku cipupa. Kuzimitsa pa switch sikokwanila, maka-maka nthawi ya load shedding pamene malaiti amabwela mosacenjeza. Ikani thabwa pa bedi kuti chuck ikagwa isawononge njila za carriage (cigawo conyamula mpeni wosemela). Tsukani gilisi ya ku fakitale na palafini, pukutani flange na kumbuyo kwa chuck, ndipo pitani na cala kuti mumve ngati pali kacitsulo kotsalila. Kacidutswa kamodzi kokha pakati apo kamapendeketsa chuck yonse.

Ngati register igwilizana, loŵetsani chuck, mangani manati onse na dzanja, kenako limbitsani na sipanala pang'ono-pang'ono mozungulila.

Ngati siigwilizana, gulani backplate ya cast iron yokwana spindle yanu, ndipo muiseme pa lathe yanu imene. Apa ndipo pafunika kuleza mtima. Mangani backplate pa spindle, ikani cizindikilo pa zonse ziŵili kuti nthawi zonse izibwelela pamalo amodzi, ndipo semani nkhope yake kuti ikhale yosalala. Kenako semani register. Mukayandikila muyeso, dulani 0.02 mm cabe pa ulendo umodzi, imitsani makina, muyese chuck. Iyenela kuloŵa mothina, mocita kukankha na dzanja kapena kugogoda mopepuka na hamala ya pulasitiki, osagwedela. Kutalika kwa register kucepeko poyelekeza na kuya kwa cibowo ca chuck, kuti chuck ikhale pa nkhope ya backplate osati pa nsonga ya register. Cast iron imasemedwa youma, popanda oilo, ndipo fumbi lake limadya bedi, conco phimbani bedi na pepala. Nsalu ikhoza kukodwa. Zibowo za mabauti muzikulitseko pang'ono kuposa mabauti, kuti asamakoke chuck kumbali.

Ma jaw a chuck ya K11 ali na manambala 1, 2, 3, ndipo iliyonse ili na mpata wake. Aloŵetseni motsatila manambala pamene muzungulitsa key, apo ayi sadzakumana pakati. Musasakanize ma jaw a chuck ina, ndipo musataye seti yaciŵili yogwilila zitsulo zazikulu.

Mukamaliza, zungulitsani chuck na dzanja kuti muone kuti siikhudza paliponse. Gwilitsani citsulo coongoka, monga silver steel ya 12 mm, muike dial indicator pafupi na ma jaw. Ngati cigwedela kwambili, masulani, tsukaninso, muyese kumangila pa zibowo zina. Cotsani key mu chuck nthawi iliyonse dzanja lanu likacokapo, valani magalasi, imani pambali, ndipo yambani pa liŵilo lotsika. Musapitilile liŵilo limene wopanga analemba pa chuck kapena m'pepala lake.